Maso timawatsekula pomaliza

Kwathu ku Swamimalai, m'mbali mwa mtsinje wa Kaveri kufupi ndi Kumbakonam, mwana wa mmisiri amadziwa fungo la phula lotentha asanadziwe kulemba dzina lake. Ine ndinakulira m'fungo limenelo. Bambo anga anali sthapati, mmisiri wa zifaniziro za milungu, agogo anganso chimodzimodzi, ndipo akuluakulu amatiuza kuti makolo athu anafika kuno m'masiku a mfumu Rajaraja Chola, yomwe inamanga kachisi wamkulu wa Brihadisvara ku Thanjavur, amene anatha mu 1010. Ntchito yathu ndi yopanga zifaniziro zamkuwa za milungu.

Alendo akalowa m'chisakasa chathu amayembekeza phokoso la nyundo, koma ntchito imayamba mwakachetechete, ndi tsamba la kokonati. Ndimang'amba kachingwe kuchokera ku tsambalo, kutalika kwake kofanana ndi msinkhu wa chifaniziro chomwe chikufunika, n'kukapindapinda. Timakatcha odiolai. Pindo lililonse limandiuza pomwe pakhale chibwano, mchombo, bondo. Muyeso wathu ndi tala, kutalika kwa nkhope kuyambira pomwe tsitsi layambira mpaka kuchibwano, ndipo tala imodzi ili ndi magawo 12 otchedwa angula. Shiva ndi Vishnu amatenga matala 10, milungu yaikazi imafupikirako, Ganesha amatenga asanu okha. Izi zinalembedwa kale m'mabuku a Shilpa Shastra, sindine ndimasankha. Ndili mnyamata ndinkaona ngati malamulowa akundimanga manja. Lero ndikawona chifaniziro chimene wopanga wake anangoyerekeza ndi maso, ndimachizindikira ndili patali: mutu umalemera, miyendo imaoneka ngati yobwereka.

Ndisanagwire phula ndimakhala pansi, ndimatsinzina, n'kunena chamumtima dhyana shloka, mawu ofotokoza maonekedwe a mulunguyo. Kenaka ndimasakaniza phula la njuchi ndi utomoni wa mtengo womwe timautcha kungiliyam, ndi mafuta pang'ono kuti lifewe. Mbaula ya makala siichoka pambali panga. Mutu ndimaumba pawokha, chifuwa pachokha, manja ndi miyendo payokha, n'kulumikiza ndi kachitsulo kotentha. Chilichonse chimene chidzaoneke pa mkuwa chiyenera kuyamba chaoneka pa phula.

Dongo lathu ndi mphatso ya Kaveri. Timalitcha vandal mann, matope osalala amene mtsinje umasiya m'mbali mwake, osalala kotero kuti ngakhale mzere wa chikhadabo amausunga. Ndimapaka lopyapyala poyamba, likauma ndimawonjeza lina losakaniza ndi mchenga, kenaka ndimamanga ndi waya kuti lisaphulike. Chimatsalapo ndi chibuluma chadothi chosaoneka bwino, chogona padzuwa masiku ambiri. Tikachiotcha, phula lonse limasungunuka n'kutuluka pa kabowo. Zimene ndinaumba kwa milungu ingapo zapita, m'kati mwangotsala mphako yokhala ndi maonekedwe a mulungu. Mphindi imeneyi imandigwira mtima mpaka lero.

Chibulumacho, chomwe tsopano ndi chikombole, timachikwirira m'nthaka, kukamwa kwake kuli m'mwamba. Mkuwa wathu umatchedwa panchaloha, kutanthauza zitsulo zisanu. Wochuluka ndi kopa, pamabwera zinki ndi mtovu, ndipo golide ndi siliva zimalowa pang'ono chabe. Nthawi zina mayi wa m'mudzi womwe waitanitsa chifaniziro amavula ndolo yake n'kuiponya mu mphika wosungunuliramo, kuti nayenso akhalemo.

Chifaniziro changa choyamba chinali cha mulungu wamkazi Parvati. Ndinapupuluma, ndinathira mkuwa chikombole chitayamba kuzizira. Titaswa dongo, dzanja lamanja linalibe zala, mkuwa unauma usanafike kumapeto. Bambo anachitembenuza kawiri osalankhula. Kenaka anati, "Mwana wanga, iwe unathamangira kuti?" Ndinayankha kuti, "Bambo, mundikhululukire, ndinkaopa kuti mkuwa uzizira." Anandipatsa nyundo kuti ndichiphwanye ndekha, tikachisungunulenso. Kachisi salandira chifaniziro chachilema. Kuona maso a nkhono n'kudekha, ndipo ine ndinaphunzira kudekha usiku umenewo ndikulira kuseri kwa ng'anjo.

Chikombole chiyenera kuswedwa kuti chifaniziro chituluke, n'chifukwa chake palibe ziwiri zofanana. Pambuyo pake pamabwera ntchito yaitali ya tchizulo ndi tupa: mikanda, zibangili, mapindo a nsalu, zikhadabo.

Pa zonse zimene ndimapanga, Nataraja ndiye amandiyesa kwambiri. Ameneyu ndi Shiva akuvina, monga amapembedzedwera ku Chidambaram. Thupi lonse limaima pa mwendo umodzi, ndiye ukalakwitsa pang'ono kulemera kwake, gule amasanduka munthu amene akuterereka. Dzanja lamanja lakumwamba lagwira kang'oma, damaru, komwe kulira kwake ndi chiyambi cha zolengedwa. Lamanzere lakumwamba lanyamula moto umene udzathetse zonse. Ndimasamala kuti manja awiriwa akhale mulingo umodzi, chifukwa kulenga sikuposa kuwononga. Dzanja lina lamanja latambasula chikhatho kwa wopembedza, kumuuza kuti asaope. Lachinayi ladutsa pachifuwa, likuloza phazi lokwezedwa, komwe wotopa ndi dziko amapeza pothawira. Pansi pa phazi linalo pagona kamunthu kakafupi, Muyalakan, chizindikiro cha umbuli ndi kuiwala. Shiva sakapha, amangokaponda. Tsitsi lamwazika uku ndi uku, m'menemo muli mulungu wamkazi Ganga ndi mwezi wongokhala kumene. Khutu limodzi lavala ndolo yachimuna, linalo yachikazi. Kuzungulira zonsezi kuli mkombero wa malawi.

Koma nkhope ilibe phuma. Manja ndi tsitsi zili pa liwiro, nkhope ili phee. Anyamata amene ndikuwaphunzitsa amatha mkombero wa moto m'zaka zochepa, koma bata la nkhope imeneyi limawatengera theka la moyo.

Mukayang'ana pa tsinde la zifaniziro zathu mupeza mabowo kapena mphete. Ndi zolowetsamo mitengo yonyamulira. Chifaniziro chamwala chimakhala m'kati mwa kachisi osasuntha, chamkuwa ndicho chimatuluka pa chikondwerero, chitasambitsidwa ndi mkaka, chitavekedwa silika ndi maluwa, kukakumana ndi anthu m'misewu. N'chifukwa chake mtima umandiwawa ndikamva za zifaniziro zakale zimene zinabedwa m'makachisi a kumidzi n'kukatsekeredwa m'magalasi kunja. Nataraja wa ku Sripuranthan atabwezedwa kuchokera ku Australia mu 2014, tinakambirana nkhaniyo m'chisakasa ngati mbale wathu wabwera ku ulendo.

Maso ndimawasiya osamaliza. Tsiku lake likakwana, ansembe amasonkhana kukachisi, nyale zimayatsidwa, ndipo ine, nditasamba n'kuvala nsalu yatsopano, ndimatenga kasingano kagolide n'kutsekula maso. Patsogolo pake amaikapo galasi. Kuyambira pamenepo sindingachigwirenso monga ndinkachigwirira, kuchigoneka pamiyendo panga kapena kuchitembenuza chadodolido. Ndimabwerera m'mbuyo, ndimagwirizanitsa zikhatho ngati wina aliyense, kenaka ndimanyamuka kubwerera ku Swamimalai, komwe zibenthu za chikombole chake zikadali mulu pakona, zikudikira tsache.