Gogomole wa ku Dzalanyama

Mapiri a Dzalanyama ndiwo adagawa malire pakati pa chigawo cha Tete ndi boma la Lilongwe. Mvula yogwa mbali ya Malawi imadzaza mtsinje wa Lilongwe, yogwa mbali ya Mozambique imatsetserekera ku Zambezi. Mlendo wolowa m'nkhalangomo mmamawa, mame asanakamuke, amayamba wamva kugogoda pamwamba pa mitengo ya mombo ndi mitondo, mwini wake osamuona.

Ambiri amangoti gogomole ndi gogomole basi. Ayi ndithu. M'mapiri amenewa muli gogomole wina wosowa kwambiri, amene m'mabuku amamutcha Dendropicos stierlingi. Adamulemba koyamba Anton Reichenow wa ku Germany m'chaka cha 1901. Pa dziko lonse lapansi amapezeka kummwera kwa Tanzania, kumpoto kwa Mozambique ndi ku Malawi kokha, ndiponso apa ndi apo. Alendo amachoka kutali ndi makamera awo kudzaona kambalame kameneka, pamene wotola nkhuni amakadutsa osacheuka n'komwe.

Kumuzindikira kwake n'kuyang'ana kumsana. Gogomole wamng'ono wozolowereka uja, amene amafika ndi m'mitengo ya pamudzi, msana wake uli ndi timizere topingasa. Uyu alibe: msana ndi wofiirira mbali yonse, wopanda mawanga. Kumimba ndi kotuwa, kwa mawanga akuda, ndipo mzere wakuda umatsika kuchokera kumlomo. Wamwamuna ali ndi chipewa chofiira pamutu, wamkazi alibe. Kutalika kwake ndi masentimita 17, ngati dzanja la munthu wamkulu.

Amakonda nthambi zonenepa zapakati ndi zapamwamba, kumene amatokosa makungwa kufuna tizilombo, nasiyira mnzake uja tinthambi ting'onoting'ono. Kawirikawiri amatsagana ndi gulu la mbalame zamitundumitundu zikamadya pamodzi, choncho wofuna kumuona adikire gulu lotere. Amaswa pakati pa Julayi ndi Okutobala, m'mphako yoboola yekha.

Vuto lake ndi nkhwangwa. Gogomole ameneyu amafuna nkhalango ya mitengo ikuluikulu, ndipo mitengo yomweyo ndiyo imapita ku makala, ku nkhuni ndi ku zigafa za fodya. Mbali ya Malawi idakhala nkhalango yotetezedwa mu 1922, komabe matumba a makala amatsika pa njinga kulowera ku Lilongwe. Bungwe la IUCN lidamuika pa mndandanda wa mbalame zimene zayandikira ngozi ya kutha.