Kalata yochokera ku Rotterdam: digiri ya malonda a pakati pa mayiko



Ndikukulemberani kuchokera ku Rotterdam, mzinda wa ku Netherlands womwe uli ndi doko lalikulu kuposa madoko onse a ku Ulaya. Sitima zapamadzi zimakocheza kuno usana ndi usiku, zitasenza makontena a zipatso, khofi, zovala ndi makina. Mumzinda womwewu, pa Erasmus University, pali mtsikana wina wa ku Mchinji, mwana wa alimi a mtedza, amene ali chaka chachiwiri cha digiri yoyamba yotchedwa International Business Administration. Makolo ake akafunsidwa kutchalitchi, amangoyankha kuti mwana akuphunzira za bizinesi. Yankholo ndi loona, koma ambiri kumudzi akalimva amaganiza za golosale ndi minibasi.

Digiriyi ndi ya zaka zitatu ndipo imaphunzitsidwa m'Chingelezi ku Rotterdam School of Management. Kuti munthu alowe, satifiketi ya MSCE payokha siikwanira. Amafuna maphunziro a msinkhu wa A-Level kapena IB, masamu olimba ndi umboni woti Chingelezi amachidziwa. Fizi ya ochokera kunja kwa European Union ndi yokwera kangapo kuposa ya ana a konkuno. Chaka choyamba chimadzaza ndi masamu, kuwerengera ndalama, zachuma ndi kasakidwe ka misika, ndipo amene sanakhoze mokwanira amauzidwa kuti asapitirize. M'chaka chachitatu ophunzira ambiri amapita kukaphunzira miyezi ingapo kudziko lina kapena kukagwira ntchito yoyeserera pakampani.

Mtsikanayu anakula akuona mavenda akuimika sikelo pamtengo wa mango n'kumagula mtedza pamtengo umene iwo afuna. Tsopano amaona mtedza m'masitolo a kuno, uli m'timapaketi, mtengo wake wochititsa kakasi. Maphunziro ake onse akukhudza mtunda umene uli pakati pa sikelo ija ndi shelefu ya sitoloyi: ndani amalipira mayendedwe, ndani amaluza katundu akawonongeka, ndipo phindu limatsalira m'manja mwa yani.

Mayankho ena ali m'malamulo a Incoterms, amene amalembedwa ndi bungwe la International Chamber of Commerce la ku Paris. Malamulo a 2020 alipo 11, lililonse ndi zilembo zitatu. Wogulitsa akasaina FOB Nacala, udindo wake umatha katundu akakwezedwa m'sitima padoko la Nacala. Akasaina CIF Rotterdam, amalipiranso mayendedwe apanyanja ndi inshuwalansi mpaka kuno, ngakhale kuti ngozi ya panjira imakhala ya wogula kuyambira pomwe katunduyo walowa m'sitima. Kwa wamalonda wa dziko lopanda nyanja ngati Malawi, amene katundu wake amayamba wayenda pa lole kapena pa njanji kupita ku Nacala, Beira, Dar es Salaam kapena Durban, kusankha molakwika zilembo zitatuzi kungathe kudya phindu la chaka chonse. Ophunzira amadziwanso za letter of credit, lonjezo la banki loti idzalipira wogulitsa. Banki siiona thumba la mtedza ngakhale limodzi, imangoona zikalata. Dzina likalembedwa mosiyana pa bill of lading, chikalata cha katundu wokwezedwa m'sitima, ndi pa invoisi, ndalama zimaima.

Msonkho si ndiwo umatsekera Malawi khomo la ku Ulaya. Kuyambira mu 2001, ndondomeko ya Everything But Arms inayamba kulola mayiko osauka kwambiri kugulitsa katundu wawo ku European Union popanda msonkho wolowera, kupatula zida zankhondo. Chimene chimabweza mtedza wathu ndi chuku. Poizoni wake, aflatoxin, saloledwa kupitirira mamaikirogalamu 4 pa kilogalamu ya mtedza wopita kukadyedwa. Mtedza wa Chalimbana unali wotchuka m'misika ya ku Ulaya m'masiku amene ADMARC inali pachimake, koma msikawo unafota, ndipo chuku ndi chimodzi mwa zifukwa zake. Mtsikanayu akamawerenga za malamulowa amakumbukira chizolowezi chowaza madzi pamakoko kuti mtedza usavute kuswa. Chinyezi chomwecho ndicho chimaitana chuku, ndipo kontena yonse ingakanidwe padoko chifukwa cha ndowa ya madzi yothiridwa pakhonde ku Mkanda kapena ku Kapiri.

Phunziro la kusinthasintha kwa mphamvu ya ndalama anzake ambiri amalimva ngati masamu chabe. Iye amalimva m'thupi. Kwacha inachepetsedwa mphamvu ndi 25 peresenti mu Meyi 2022, kenako ndi 44 peresenti mu Novembala 2023, ndipo lendi ndi fizi za kuno zimalipiridwa m'mayuro. Pa ntchito ina ya pagulu anafotokozera anzake za nandolo: mu 2017 dziko la India litaika malire pa nandolo wolowa kwawo, mitengo inagwa kwathu ndipo alimi a ku Mulanje, Phalombe ndi Zomba anatsala ndi matumba m'nyumba. Anzake a ku Germany ndi ku India anamva kuchokera kwa mwini nkhani zomwe buku limatanthauza likamachenjeza za kudalira wogula mmodzi.

Ntchito za pagulu zamuphunzitsanso kuyankhula. Anthu a kuno amanena maganizo awo mosapsatira, ngakhale kwa mphunzitsi. Kwa mwana woleredwa kuti asatsutse wamkulu pagulu, zinatenga nthawi kuti azolowere kunena kuti mtengo uwu sindikuuvomera. Wamalonda amene sangathe kunena mawu amenewa patebulo amagulitsa motchipa.

Maso ake tsopano ali pa Africa yomwe. Mgwirizano wa malonda a pakati pa mayiko a mu Africa, AfCFTA, unasainidwa ku Kigali mu Malichi 2018, malonda ake anatsegulidwa pa 1 Januwale 2021, ndipo likulu lake lili ku Accra. Kwawo kwenikweni, pa chipata cha Mchinji ndi Mwami, mu Disembala 2022 anatsegula malo amodzi ochitirapo zonse za kasitomu za Malawi ndi Zambia. Nkhani yake yomalizira digiri akufuna ikhale ya magulu a alimi a mtedza ndi soya: mmene angagulitsire okha ku Chipata, Lusaka kapena Nairobi, ndi zikalata zomwe angafunike kukhala nazo.

Makolo amene ana awo akulakalaka maphunzirowa asadandaule ngati Ulaya watalika. Zowerengera ndalama, zamisika ndi za kayendedwe ka katundu zikuphunzitsidwa ku MUBAS mu Blantyre ndi m'masukulu ena aukachenjede kwathuko. Mwana alimbikire masamu ndi Chingelezi akadali ku sekondale, aphunzireko Chipwitikizi poti madoko athu apafupi ali ku Mozambique, ndipo patchuthi akapemphe kuthandiza pa ofesi ya okonza zikalata za katundu ku Mwanza, Dedza kapena Songwe.

Wanu wa ku Rotterdam