Ku Lukusuzi ndi Ajeremani awiri

Amene anandipezera ganyuyi anandichenjeza chinthu chimodzi: Mjeremani akati sikisi koloko, ufike nthawiyo isanakwane. Ntchito yanga inali yomasulira. Ajeremani awiri ogwira ntchito yosamalira zachilengedwe ankapita kumidzi ya m'mphepete mwa nkhalango ya Lukusuzi ku Zambia, ndipo ankafuna munthu womva Chichewa ndi Chitumbuka chomwe. Ndinadutsa pa Mchinji n'kulowera pa Mwami, kenaka ndinakagona ku Chipata. M'mamawa kuli chisisira cha mwezi wa June, ndinapeza galimoto italizidwa kale, katundu atamangidwa, madzi akumwa atawerengedwa mabotolo ake.

Wamkulu pa awiriwo anali mayi wa imvi zapatalipatali amene wakhala m'Zambia zaka zambiri. Chinyanja amachilankhula mokoka koma chomveka, ndipo m'chikwama mwake simusowa chitenje. Winayo anali mnyamata wamtali wongofika kumene, kope m'manja nthawi zonse. Nditamufunsa kuti wadzuka bwanji, anandiyankha kuti sanagone bwino chifukwa cha agalu ndi nyimbo za pabala, ndipo anafotokoza zonse mwatsatanetsatane. Mayi uja anandiuza kuti kwawo munthu ukamufunsa za moyo wake amayesa ukufunadi kudziwa, ndiye amakuuza zoona.

Potuluka m'Chipata ndinakumbukira kuti Mjeremani si mlendo m'dera lino. Carl Wiese, wamalonda a minyanga, anakhala kwa Inkosi Mpezeni ndipo mu 1891 anatengako chikalata chomupatsa ufulu pa malo aakulu zedi. Chikalatacho chinadzagwera m'manja mwa kampani ya North Charterland Exploration, ndipo mu January 1898 asilikali a Angelezi ochokera ku Nyasaland anathira nkhondo Angoni. Nsingo, mwana wa Mpezeni, anawomberedwa. Nkhaniyi mayi uja ankaidziwa bwino kuposa ine. Anati n'chifukwa chake salola kuti mfumu isaine pepala lililonse lisanawerengedwe mokweza, m'chinenero cha eni mudzi, pamaso pa anthu.

Msewu wa ku Lundazi ndi wa makilomita pafupifupi 180, ndipo m'mbali mwake munali mabelo a thonje, matumba a soya ndi njinga zosenza makala. Tikaima kugula kanthu, mnyamata uja ankapempha lisiti. Mayi wogulitsa nthochi analibe lisiti, ndiye mnyamatayo analemba yekha m'kope mtengo, tsiku ndi malo, n'kumupempha mayiyo kuti asaine. Anthu anaunjikana kudzaonerera. Ine ndinaona kuti ndalama imene anthu awa amayendera ndi ya misonkho ya anthu akwawo, ndipo amaiwopa ngati moto. Makoko a nthochi anawataya kutchire, koma mapepala a pulasitiki ndi mabotolo zinalowa m'thumba lakelake limene linabwerera nafe ku Chipata.

Tisanafike ku Lundazi tinapatukira kumanzere, mumsewu wafumbi wolowera kwa Chikomeni. Lukusuzi ndi nkhalango ya masikweya kilomita 2,720, yomwe inakhazikitsidwa kukhala paki mu 1972, pamtunda woyang'ana chigwa cha Luangwa. Kale dera lonseli linkawerengedwa m'boma la Lundazi, koma mu 2018 linagawidwa n'kubadwa maboma a Lumezi ndi Chasefu. Kum'mawa kwa Lukusuzi kuli paki yathu ya Kasungu, ndipo pakati pa ziwirizi pali midzi ndi minda ya anthu a Mfumu Chikomeni ndi Mfumu Mwasemphangwe. Mu July 2015 atsogoleri a nthawiyo, Peter Mutharika wa Malawi ndi Edgar Lungu wa Zambia, anasainira ku Blantyre pangano loti mayiko awiriwa azisamalira limodzi nkhalango za m'malire, ndipo dziko la Germany lakhala likuthirapo ndalama kudzera ku bungwe la GIZ ndi banki ya KfW. Kumpoto, ku North Luangwa, bungwe la Frankfurt Zoological Society lakhalako kuyambira 1986. Ndiye musadabwe kukumana ndi Mjeremani m'tinjira ta kuno.

M'pakimo mulibe malo ogona alendo onga a ku Mfuwe. Muli mitengo ya miombo yopita kutali, matanthwe akuluakulu otuwa, ndi akashembe oluma ngakhale pamalaya. Tinatsagana ndi sikauti wa mfuti paphewa, mmodzi wa amene anthu akumudzi amawatchabe a ZAWA ngakhale bungwe limenelo linatha n'kulowedwa m'malo ndi dipatimenti ya boma. Nyama sitinaone zambiri: chinkhoma chimodzi pamwamba pa thanthwe, ndowe zouma za njovu, ndi mapazi a ntchefu pamchenga wa mtsinje. Sikauti anatola khwekhwe la waya pansi pa chitsamba. Mnyamata uja analigwira nthawi yaitali, nkhope itafiira, osalankhula. Chikondi chawo pa nyama n'chenicheni, chimenecho ndinachiona ndi maso anga.

Nkhani yeniyeni inali kumudzi. Msonkhano anaupangana wa naini koloko, koma titafika tinapeza mipando iwiri pansi pa mtengo wa mango ndi ana okhaokha. Kumudzi woyandikana kunagwa maliro usiku, ndipo anthu onse anali kusiwa. Mnyamata anayang'ana wotchi, anatsegula kope, n'kufunsa ngati sitingayambe ndi anthu ochepa amene angapezeke. Mayi uja anangotulutsa chitenje n'kumanga m'chiuno. "Tiyeni kumaliro," anatero. Anakakhala pamphasa pakati pa amayi, miyendo atatambasula, n'kupereka chipepeso m'mbale ngati wina aliyense. Pobwerera anandiuza kuti kwawo maliro ambiri amakhala a achibale ndi abwenzi ochepa, pa tsiku ndi ola lolembedwa pakhadi, ndipo akapita kutchuthi chimene amachisowa kwambiri ndi ichi, choti munthu sulira wekha.

Dzuwa litapendeka anthu anasonkhana. Mnyamata anafuna kuyamba ndi mfundo yoyamba ya papepala, koma mayi anamugwira mkono. Anagwada, anawomba m'manja, anafunsa amfumu za moyo wawo, za zokolola, za ana. Atatha malonje ndi pomwe anatchula za njira zotetezera mbewu ku njovu: mipanda ya tsabola, ming'oma ya njuchi ndi magulu olondera minda.

Kenaka anaimirira bambo wina wokalamba, chipewa chili m'manja. Anati njovu zinabwera usiku, zinagwetsa nkhokwe yake n'kudya chimanga chimene banja lake likanadya mpaka mvula. Anati chifikireni njovu zija za ku Malawi, tulo kuno kulibe. Ankanena njovu 263 zimene zinasamutsidwa ku Liwonde kupita ku Kasungu mu 2022, ndipo ine monga Mmalawi ndinamasulira mawu amenewo mtima ukundiwawa. Pomaliza anafunsa: "Mayi, chimanga changa adzandibwezera ndani?"

Womasulira aliyense wa kwathu amadziwa yankho lozolowereka pamenepa. Timati nkhaniyi tayimva, tikaitula kwa akuluakulu, tidzakuyankhani. Mayi uja sanadikire n'komwe kuti ndimuthandize. Anayankha yekha m'Chinyanja: "Bambo, pepani kwambiri. Ine ndalama yolipira chimanga ndilibe, ndipo lamulo la Zambia silipereka chipukuta misozi pa mbewu zodyedwa ndi nyama. Ndikakuuzani kuti ndikaona, ndiye kuti ndakunamizani."

Panali chete. Amayi ena anang'ung'udza, mnyamata wina kumbuyo anaimirira n'kuchokapo. Kenaka mayi anatchula zimene angathe: mbewu ya tsabola, waya, maphunziro a anyamata olondera, ndi mwezi umene zidzafike. Anauza mnyamata wake kuti alembe, ine ndinawerenga mokweza, ndipo pepala limodzi linatsala kwa amfumu. Bambo wokalamba uja sanakondwe, ndipo sakanakondwa, pakuti nkhokwe yake inali pansi ndithu. Koma amfumu potiperekeza anandinong'oneza kuti mayi ameneyu amamulandira chifukwa tsiku limene wanena amabweradi, ndipo chimene wakana sachisintha akafika kumudzi wina. Alendo a mawu okoma awaona ambiri.

Ine ndinakulira m'mwambo woti mkulu sumukanira pamaso, ndipo mwambowo ndimaulemekeza chifukwa umasunga mtendere pakati pa anthu oti mawa adzakumananso pachitsime. Komabe kwa munthu amene chakudya chake chatha mu June, mawu oti tidzaona ndi nkhanza. Amamuchititsa kudikira m'malo mopita kukafuna ganyu nthawi ikadalipo.

Madzulo anatiphikira nsima ya nkhuku ndi chigwada chotendera. Mnyamata anati kwawo chakudya chamadzulo nthawi zambiri chimakhala buledi wozizira ndi tchizi, ndipo atadya mtanda umodzi anati wakhuta. Gogo mwini nyumba anamuyang'ana. "Mwana wanga, ndiwo zanga zakuipira?" Mayi uja anamulankhula mawu awiri m'chinenero chawo, iye n'kutenganso mbamu ina. Anamaliza mbale yonse, ndipo gogoyo anamupatsa mtedza wodzaza chipewa.

Tili pamoto, bambo wokalamba uja anabweranso n'kufunsa ngati ku Germany kuli njovu. Mayi anati kulibe, koma kuli mimbulu ya ku Ulaya, imene inatha kalekale n'kuyambanso kuswana m'chigawo cha Saxony m'chaka cha 2000. Anafotokoza kuti alimi a nkhosa kumeneko amadandaula koopsa, ndipo maboma a zigawo amawalipira nkhosa zikagwidwa komanso amawathandiza ndalama zomangira mipanda. Anatchulanso yekha za Mokgweetsi Masisi, amene ali mtsogoleri wa Botswana mu 2024 ananena kuti atumiza njovu 20,000 ku Germany kuti Ajeremani alawe kukhala nazo. Bamboyo anamvetsera mpaka kumapeto, kenaka anafunsa chifukwa chimene nkhosa ya ku Germany imalipiridwira pamene nkhokwe ya kwa Chikomeni ingogwa ulele. Mayi anati funsolo n'loona ndipo yankho alibe. Mnyamata analilemba m'kope mwake liwu ndi liwu, ndipo anandipempha kuti ndilimasulire kawiri kuti asaphonye kanthu.

Tinabwerera kudzera ku Lundazi, kumene tinaona hotela yomangidwa ngati linga la mafumu a ku Ulaya, ntchito ya bwanamkubwa wachitsamunda Errol Button, ndipo tinafika ku Chipata usiku.

Pempho langa likupita kwa maboma a Malawi ndi Zambia amene anasaina pangano la 2015, komanso kwa Ajeremani amene akuthirapo ndalama zawo. Khalani pansi mukhazikitse thumba lothandiza mlimi amene njovu zamudyera chakudya, kuyambira kwa Chulu ndi kwa Kaphaizi mbali ya Kasungu mpaka kwa Chikomeni ndi kwa Mwasemphangwe. Ngati simungathe, pitani mukawauze anthuwo pamaso, nyengo yolima isanafike.