Chizungu cha Atate ndi Chizungu cha Mdzukulu Wawo

Kwa atate munthu sankayenda wamba, ankachita “perambulate”. Ana tikasokosa pakhonde iwo akuchonga makope, ankangotsitsa magalasi n'kufunsa kuti, “Kodi pandemonium imeneyi wayambitsa ndani?” Ife zii. Tanthauzo sitinkalidziwa, koma kulemera kwa liwulo kunkatiuza kuti kamtengo ka mpichesi sikali patali.

Mawu amenewa anawatola ku Chalimbana, m'dziko la Asoli, makilomita pafupifupi 50 kum'mawa kwa Lusaka, ukapatuka pamsewu wa Great East cha ku Chongwe. Anaphunzira uphunzitsi kumeneko m'zaka zomwe mnyamata wina wa ku Southern Rhodesia, Robert Mugabe, ankaphunzitsa pakolejipo, kuyambira 1955 mpaka 1958, asanapite ku Ghana. Atate anabwerako ndi zinthu zitatu: satifiketi, tayi, ndi dikishonale ya Michael West, yomwe chikuto chake amayi anachisoka kawiri ndi ulusi wa saka.

Ngakhale dzina loyamba la malowo linali lozunguza mutu. Sukuluyo itasamutsidwa kuchokera ku Mazabuka mu 1939 inkatchedwa Jeanes School. Mwana wa mlongo wanga, amene akuphunzira pamalo omwewo, omwe kuyambira 2013 ndi Chalimbana University, nditamuuza zimenezi anafunsa ndi mtima wonse kuti, “Amalume, ndiye kuti kale ankasokerapo majinzi?” Ndinaseka mpaka kutsamwa. Anna Jeanes anali mayi wachuma wa ku Philadelphia, wa mpingo wa Quaker, amene mu 1907 anapereka madola 1 miliyoni kuti athandize sukulu zakumidzi za anthu akuda kumwera kwa America. Anamwalira chaka chomwecho, koma dzina lake linawoloka nyanja n'kudzamera ku Mazabuka, ku Chalimbana, ndi ku Domasi ku Nyasaland, komwe ankaphunzitsa aphunzitsi oyendera midzi, olangiza za sukulu, ulimi ndi ukhondo. Jinzi ya mphwangayo ili ndi mbiri yakeyake: dzinalo linachokera ku mzinda wa Genoa ku Italy, komwe kunkachokera nsalu yolimba ija.

Masiku amenewo liwu la Chingerezi linali ngati njinga ya Humber, aliyense m'mudzi ankadziwa amene ali nayo. Liwu likatalika, ulemu nawo unkakula. Mphunzitsi akafuna kunena kuti mfumu ya mudzi ndi yovuta ankati ndi “cantankerous”, mwana wozengereza ali ndi matenda a “procrastination”, ndipo wopusa weniweni anali “nincompoop”, liwu lomwe ife tinkalikonda chifukwa limathera pamalo oseketsa. Kalata yofunsira mbeta inkalembedwa dikishonale ili pamwendo, ndipo namwaliyo ankapita nayo kwa mlongo wake wa Standard Six kuti amumasulire ngati akufunsiridwa kapena akuimbidwa mlandu. Tinaloweza kuti gulu la atsekwe a kwa azungu ndi “gaggle” tisanawaonepo n'kamodzi komwe, pamene nkhanga zinkadutsa kuseri kwa kalasi m'mawa uliwonse popanda wotiuza dzina la gulu lawo.

Tikhoza kuwaseka akuluakulu amenewo, ndipo ine ndawaseka kokwanira. Koma anali ndi khalidwe limodzi lomwe ndimalisowa: liwu ankalifunsa kwawo, ngati mlendo wofika madzulo. Ndi atate amene anandiuza kuti “pandemonium” analipanga ndi mlakatuli John Milton mu 1667, kutchula likulu lomwe ziwanda zonse zimasonkhanako. Choncho potifunsa funso lija pakhonde ankatitcha ziwanda, ife osadziwa.

Liwu lomwe ankalisimba akumwetulira linali “boycott”. Charles Boycott anali kapitawo wa mwinimunda wina ku Ireland. Mu 1880 alimi obwereka minda atakana nkhanza za lendi, anagwirizana zomusala: antchito anamuthawa, eni masitolo anakana kumugulitsa kanthu, ngakhale wobweretsa makalata analeka kufika pakhomo pake. Dzina la munthu linasanduka chida. M'zaka za m'ma 1950, nthawi ya chitaganya, anthu akuda ku Lusaka ankagulira nyama pakawindo kam'mbali pamene azungu ankalowera pakhomo, ndipo chipani cha African National Congress cha Harry Nkumbula chinauza anthu kuti aleke kugula m'mabutchala amenewo. Atate ankati liwulo anabwera nalo ndi mzungu m'chikwama chake, koma amene anadziwa kuligwiritsa ntchito ndi ife.

Liwu lina ndinaliphunzira ndi misozi. Lamulo la maphunziro la 1966 litakhazikitsa Chingerezi kuti ndicho chophunzitsira kuyambira Giredi 1, pasukulu ina yomwe ndinaphunzirapo wogwidwa akulankhula “vernacular” ankavekedwa fupa la ng'ombe m'khosi mpaka atagwira mnzake. Ndinalivala kangapo. Ndili wamkulu kale ndi pamene ndinadziwa kuti liwulo limachokera ku Chilatini, ku “verna”, kapolo wobadwira pakhomo pa mbuye wake. Apa atate sanandiuze kanthu, ndipo ndimaganiza kuti ankadziwa. Mu 2014 boma linabweza zinenero zathu m'makalasi oyambirira, kuno Chinyanja, ngakhale mwana wa Chisoli wa m'mphepete mwa mtsinje wa Chalimbana anapezabe kuti chinenero cha pabolodi si chimene amalankhula ambuye ake.

Lero khalani pa siteji ya minibasi ku Chongwe mumvetsere. Chizungu chilipo chambiri kuposa kale, koma chavula tayi. Wopanda ndalama ya basi akuti achita “footing”. Wopanda “talk time” amangokuchita “page”, foni ilire kamodzi, iwe wandalama uyimbe. “Bundle”, yomwe kwa atate inali mtolo wa nkhuni, tsopano ndi intaneti yogula ya tsiku limodzi. Bambo ake a munthu ndi “bally”, liwu lomwe achinyamata anapatsa Hakainde Hichilema mpaka linamveka dziko lonse pa chisankho cha 2021. Mayi wogulitsa tomato amene sanapondepo m'kalasi amatchula “load shedding” mosaphonya, chifukwa madzi atatsika ku Kariba mu 2015, ndiponso koopsa mu 2024, liwulo linalowa m'nyumba iliyonse popanda odi.

Koma mfumu ya onsewa ndi “movious”, munthu wosakhazikika, woyendayenda ngati nkhuku yofuna poikira. Ku London simukalimva. Linabadwira konkuno, ndipo atate akanalizunguliza ndi inki yofiira n'kulemba pambali kuti mwanayo akawaone. Ine, pepani atate, ndimaliona kuti limaposa “perambulate” wanu. Lanu lija linali suti yobwereka, yokongola koma yothina m'khwapa. Ili anyamata analisoka okha, ndipo likunena chinthu chomwe Mngelezi amafunika mawu anayi kapena asanu kuti achifotokoze.

Chomwe chimandidandaulitsa n'china. Tsiku lina tili m'galimoto pa maloboti ku Lusaka ndinamufunsa mphwanga uja chifukwa chake magetsi a pamsewu timawatcha choncho. Anatulutsa foni, ndipo ndisanameze malovu anali atawerenga kale kuti “robot” linatchuka ndi sewero la Karel Čapek la 1920, kuchokera ku liwu la Chicheki lotanthauza ntchito yokakamizidwa. Ndinalumpha pampando. “Thangata!” ndinatero. “Ndiye kuti maloboti ndi antchito a thangata, oima padzuwa tsiku lonse popanda malipiro!” Iye anangoti “Zoona amalume,” maso ali kale pa WhatsApp. Mawa lake nditamufunsanso, anali ataiwala.

Atate akatsegula dikishonale kufuna liwu limodzi ankasochera patsambalo ngati munthu wopita kukathyola bowa, n'kubwerako ndi asanu omwe sanawafune. Awiri ankatiyesera ife pa chakudya chamadzulo, otsalawo ankasungira msonkhano wa makolo. Foni imakupatsa chomwe wapempha chokhacho, mwachangu, n'kukubweza pomwe unali.

Dikishonale ija ili nane m'sutikesi. Chiswe chinadya kuyambira A mpaka pakati pa C, kotero “boycott” ndi “cantankerous” zinapita. M'mphepete mwa tsamba lina la M ndinalembamo “movious” ndi pensulo, kuti atate akakwiya kumene aliko ndithe kufufuta. Mphwanga wati adzaitenga akamaliza maphunziro chaka chamawa, bola ndimutumizireko talk time mwezi uno.