Utsi wa ku Nkhata Bay ndi Nsomba Zanga za m'Galasi

Ndinafika ku Nkhata Bay dzuwa litapendeka, nditatopa ndi minibasi yochokera ku Mzuzu. Nditangokhala pamwala m'mbali mwa nyanja, ndinaona chiutsi chakuda chikufuka pakati pa madzi. Mtima unangoti phaa, ndimayesa boti likupsa.

"Si moto umenewo, mwana wanga," anatero bambo wina amene ankasoka ukonde chapafupi. "Ndi nkhungu."

Nkhungu ndi tizilombo touluka tomwe timaswana m'nyanjamo. Mphutsi zake masana zimabisala m'madzi akuya, usiku n'kukwera kudzadya. Pamenepo nsomba monga ndunduma ndi nkholokolo zimazidya. Nkhungu zikaulukira kumtunda, anthu amaziwakha n'kuumba timikate ta ndiwo.

Apa m'pomwe ndinakumbukira thanki yanga yagalasi ku Lilongwe, momwe ndimawetamo nsomba zokongoletsera m'nyumba. Chakudya chimene ndimazigulira m'shopu chili ndi ufa wa nsomba. Ufa wambiri wotere padziko lonse umapangidwa ndi tinsomba ta m'nyanja zamchere, makamaka ku Peru. Kwathu kuno, alimi ena a nsomba ndi nkhuku amagaya usipa.

M'mawa mwake ndinadutsa pomwe amayanika usipa pamathandala. Mayi wina ankanenerera mtengo wa kamulu kamodzi mpaka anangochoka osagula. Zinandikhudza. Usipa ndi ndiwo ya mabanja ambiri. Ndiye tizipikisana nawo chifukwa cha nsomba zongoonera?

Pali njira ina: mphutsi za ntchentche yotchedwa black soldier fly. Musanyansidwe, si ntchentche ya pachimbudzi ija. Iyi siluma ndipo sikonda kutera pachakudya chathu. Mphutsi zake zimadya makoko a zipatso, zotsala za kukhitchini ndi madeya, ndipo pakatentha bwino zimakula m'milungu iwiri kapena itatu. Zikaumitsidwa, pafupifupi magawo 40 pa 100 alionse amakhala mapulotini. Zotsalira zake ndi manyowa a padimba. Ndowa imodzi pakhonde imakwanira poyambira.

Koma samalani. Masana ake ndinasambira pafupi ndi miyala, mbuna zabuluu ndi zachikasu zikundizungulira. Zinali kalikiliki kupala ndere pamiyala. Mbuna zambiri chakudya chake chenicheni n'chimenecho, pomwe mphutsizi zili ndi mafuta ochuluka. Oweta nsomba kunja amaopa matenda otupitsa mimba omwe anawapatsa dzina loti Malawi bloat. Choncho ngati muli ndi mbuna, mphutsi zikhale zapatalipatali. Nsomba zodya tizilombo, monga ma betta ndi ma oscar, ndi zimene zingapindule kwambiri.

Pobwerera ndinagula usipa wa mayi anga. Wa nsomba zanga sindinagule. Ndowa ya mphutsi ili kale kuseri kwa nyumba, ngakhale alandilodi akuiyang'anabe ndi diso lokayika.