Wojambula Woyenda Motsata Akavalo



Sabata ino tasankha kulingalira za ntchito imene ambiri mwa ife sitinaionepo ndi maso: ya munthu woyendayenda kujambula zithunzi pa zionetsero za akavalo. Wina afunsa kuti izi zikutikhudza bwanji ife amene kavalo timangomumva m'Buku la Yobu. Tipirireni pang'ono, pakuti nkhaniyi ifika mpaka pakhomo pa tchalitchi chathu.

Tiyeni tipite ku Ireland, dziko limene lakhala likutitumizira ansembe ndi asisitere kwa zaka zambiri. Kumeneko kavalo ndi chuma ndiponso ulemu wa banja. Chionetsero cha akavalo cha mumzinda wa Dublin, chimene chimayendetsedwa ndi bungwe la Royal Dublin Society, chidayamba mu 1864, ndipo kuyambira mu 1881 chimachitikira ku Ballsbridge. Chimakhalako m'mwezi wa Ogasiti, ndipo kuyambira mu 1926 magulu a mayiko osiyanasiyana amalimbirana chikho cha Aga Khan. M'mwezi womwewo anthu amasonkhananso ku Clifden kukaona akavalo ang'onoang'ono a ku Connemara. Koma izi ndi zionetsero zazikulu chabe. Pali zina zambirimbiri za m'midzi, pa mabwalo a udzu, kumene ana a sukulu amakwera akavalo awo makolo akuonerera kuseri kwa chingwe. Wojambula amene tikumunenayu moyo wake uli m'zionetsero zazing'onozi. Lero ali kuno, sabata yamawa ali mbali ina ya dziko, katundu yense ali m'galimoto: makamera, kompyuta, makina osindikizira zithunzi ndi malaya a mvula.

Kawirikawiri amagwirizana ndi okonza chionetsero kuti akhale wojambula wovomerezeka. Zimenezi sizitanthauza kuti amlipira. Nthawi zambiri chimene wapatsidwa ndi chilolezo choima m'bwalo ndi malo oikapo tebulo lake, basi. Amajambula wokwera aliyense, kuyambira m'mawa kufikira madzulo, osadziwa amene adzagule. Kenaka amasanja zithunzi motsata nambala za okwera, kuti aliyense akadzipeze pa kompyuta kapena pa intaneti. Mafuta a galimoto, malo ogona ndi zipangizo walipira kale iye mwini. Mvula ikagwa anthu n'kuthawa msanga, waluza. M'zaka za 2020 ndi 2021, pamene chionetsero cha ku Dublin chidalephereka chifukwa cha mliri wa COVID-19, anthu a ntchito zotere adangokhala pakhomo makamera ali m'chikwama.

Chimene chimatigwira mtima kwambiri pa ntchitoyi ndi kudikira kwake. Kavalo wodumpha mipanda amakhala m'bwalo mphindi imodzi kapena kupitirirapo pang'ono, ndipo pa mpanda uliwonse ali m'malere kwa kanthawi kosakwana sekondi. Chithunzi chimene mwini kavalo angachigule ndi chija chosonyeza maondo akutsogolo atapindika mofanana ndi makutu ataloza kutsogolo. Kufulumira pang'ono, kavalo amaoneka ngati akukana kudumpha. Kuchedwa pang'ono, amaoneka ngati akugwa chamutu. Wojambula waluso amawerenga mapazi a kavalo pamene akuyandikira mpanda, ndipo chala chake chimadina diso lisanaone chimene akufunacho. Makamera a masiku ano amatha kujambula zithunzi zambiri pa sekondi imodzi, komabe amene sadziwa kayendedwe ka nyamayi amabwerera ndi mulu wa zithunzi zopanda ntchito.

Pali mbiri ina imene timaikonda. Kwa zaka mazana ambiri akatswiri ojambula pamanja ankaonetsa kavalo wothamanga atatambasula miyendo yonse, iwiri kutsogolo, iwiri kumbuyo, ngati akuuluka. Mu 1878 ku Palo Alto, m'chigawo cha California, Eadweard Muybridge adandandalika makamera 12 m'mbali mwa njira najambula akavalo a Leland Stanford akudutsa. Zithunzizo zidatsimikiza kuti ilipodi nthawi imene ziboda zonse zinayi zimachoka pansi, koma pa liwiro lalikulu nthawiyo ndi pamene miyendo yasonkhana kunsi kwa mimba. Anthu amene ankakhala ndi akavalo tsiku ndi tsiku anali asanachione chimenechi. Aphunzitsi athu a filosofi ku seminale akadakondwera nacho chitsanzo ichi, iwo amene sankatopa kutiuza kuti kuzolowera chinthu kumatseka maso.

Tsopano tifike pamene pagona nkhani. Wojambula akaika zithunzi pa intaneti kuti anthu asankhe, amalemba dzina lake pakati pa chithunzi chilichonse monga chizindikiro chakuti sichinagulidwe. Okwera ena amangojambula sikirini ya foni, n'kuika chithunzicho pa Facebook kapena pa Instagram, dzina lija lili pomwepo, anzawo n'kumayamikira. Munthu amene adaima m'matope maola khumi sapeza kalikonse. Ojambula a m'mayiko osiyanasiyana akhala akudandaula za mchitidwewu, ndipo ena aisiya ntchitoyi.

Amene amachita izi ali ndi zifukwa zawo, ndipo tiyenera kuzimva. Amati: sindidamtume kuti andijambule, ndipo nkhope ndi yanga, kavalonso ndi wanga. Mfundo yoyambayo ndi yoona. Palibe lamulo la Mulungu kapena la anthu limene limakakamiza munthu kugula chithunzi chimene sadaitanitse. Koma amene sakufuna kugula achisiye pomwe chili. Akachitenga wasonyeza kuti akuchifuna, ndipo chimene akukana ndi mtengo wokha. Mfundo yachiwiri ndi yofooka kwambiri. Telala akasoka diresi motsata muyeso wa thupi lanu, diresiyo sikhala yanu musanalipire. Lamulo lachisanu ndi chiwiri silinena za ndalama ndi mbuzi zokha. Katekisimu wa Mpingo amaika kumana wantchito malipiro ake pakati pa machimo ofuulira kumwamba, motsata Deuteronomo 24 ndi kalata ya Yakobe mutu 5. Ndipo Papa John Paul Wachiwiri, m'kalata yake ya Laborem Exercens ya mu 1981, adaphunzitsa kuti ulemu wa ntchito iliyonse umachokera kwa munthu woigwirayo. Kudina kamera kumaoneka kopepuka, koma kumbuyo kwake kuli msana wopweteka ndi ana ofuna fizi.

Apa ndi pamene akavalo a ku Ireland akukumana nafe. Ife amene timaphunzitsa makalasi a Ukaristia woyamba ndi Ulimbitso timawadziwa abale athu ojambula amene amafika pa tsiku la chikondwerero, nadzabweranso ndi zithunzi zosindikizidwa kale ndi ndalama zawo. Taonapo achinyamata akutenga chithunzi m'manja mwa wojambula, n'kuchijambula ndi foni, n'kumubwezera akumwetulira. Sitikhulupirira kuti onse amachita izi ndi mtima woipa, ambiri sadaziganizirepo. Koma amene wadziwa tsopano akumbukire kuti Mpingo umaphunzitsa kubweza, osati kulapa ndi pakamwa pokha. Mtengo wa chithunzi chimodzi si wolemetsa, ndipo wojambulayo timadziwa kumene amakhala.

Pali vuto linanso limene mkhristu wa ntchito yoyendayenda amakumana nalo. Zionetsero zambiri zimachitika kumapeto kwa sabata, motero Lamulungu ndilo tsiku lake lopezera chakudya. Mpingo sunamuiwale munthu wotere. Malamulo a Mpingo a mu 1983 amanena kuti amene wachita nawo Misa madzulo a Loweruka wakwaniritsa udindo wa Lamulungu. Choncho wojambula wachikatolika, posanja ulendo wake, amafunsiratu za tchalitchi chapafupi monga momwe amafunsira za malo ogona. Anzathu oyendetsa minibasi ndi anamwino athu akuidziwa bwino nkhondo imeneyi.

Ojambula zithunzi achikatolika amamtenga Veronica Woyera kukhala nkhoswe yawo. Dzina lake mulibe m'mabuku anayi a Uthenga Wabwino. Timamdziwa kudzera m'mwambo wa Mpingo ndi pa malo achisanu ndi chimodzi a Njira ya Mtanda. Chithunzi chimene chidatsala pansalu yake sichinali cha wopambana mpikisano, koma cha munthu wotuluka magazi amene khamu linkamunyoza. Pa chionetsero cha m'mudzi, opambana amalandira maliboni awo nanyamuka, oonerera n'kuyamba kubalalika. Wotsala m'bwalo amakhala mwana amene kavalo wake wagwetsa mitengo iwiri, ndipo amayi ake akuyang'ana ngati pali wina amene waona kuti mpanda wachitatu waudumpha bwino. Wojambula wovomerezeka saloledwa kuchoka nambala yomaliza isanaitanidwe.