Maola 18 kuchoka ku Lumbadzi kukafika ku Heathrow

Mwana wanga atachira ku London anandiimbira foni. "Amayi, bwerani mudzasambitse mdzukulu wanu. Pandege ndi maola 12 basi."

Sananame, koma ankawerenga a m'mwamba okha. Kuchoka pa bwalo la ndege la Kamuzu ku Lumbadzi kukafika ku Heathrow ndi makilomita pafupifupi 8,000 mutalunjika, koma palibe ndege yolunjika. Malemu bambo anga ankakonda kukamba za VC10 ya Air Malawi imene inkanyamuka pa Chileka kupita ku Gatwick m'zaka za m'ma 1970. Lero timadzera kwa eni ake: ku Nairobi, ku Johannesburg kapena ku Addis Ababa. Ine ndinadzera ku Addis, ndipo mtunda unakwera kufika cha m'ma 8,500.

Tinanyamuka masana, mu Disembala, chimanga chili m'mawondo. Ndinakhala kuwindo. Posakhalitsa nyanja yathu inaonekera pansi, mbee ngati lata latsopano, kenako mitambo inatseka. Makilomita pafupifupi 2,600 anatha m'maola osakwana anayi, nthawi imene basi ya ku Mzuzu imakhala isanafike n'komwe.

Ulendo ndinaumvera pa bwalo la Bole ku Addis. Mzindawo uli pamtunda, mamita oposa 2,300, ndipo usiku kumazizira kolowa m'mafupa. Juzi ndinali nditalongedza m'chikwama chachikulu, pamodzi ndi ufa woyera wa mwana wanga, ndiye ndinangodzifunditsa chitenje. Ndege zambiri zopita ku Ulaya zimanyamuka pakati pa usiku, choncho ndinakhala pampando maola oposa asanu. Pafupi nane panali mayi wina wa ku Lusaka, mwana atamugonera pamiyendo. Atamva ndikuyankhula pafoni anatembenuka: "Amama, ndimwe a ku Malawi?" Tinagawana mtedza, tikuyang'ana chikwangwani cha nthawi. Nthawi yake nayo njosokoneza, poti Addis ili patsogolo pathu ndi ola limodzi, pamene London m'nyengo yozizira imatsalira ndi maola awiri.

Chigawo chachiwiri, makilomita pafupifupi 5,900, chinatenga maola asanu ndi atatu mumdima wokhawokha. Tulo sitinabwere. Ndinkangoyang'ana kandege kakang'ono pa sikirini ya kumpando kakukwawa kulowera kunyanja ya Mediterranean. Mapazi anatupa, nsapato zinakana kulowa, mpaka mtsikana wogwira ntchito m'ndegemo anandiuza mwaulemu kuti ndiziyendayenda ndi kumwa madzi.

Tinatera kusanache. Wotchi yanga, imene sindinaisinthe dala, inkati 8 koloko yadutsa. Nditawerenga bwino, anali maola 18 chinyamukireni pa Lumbadzi.

Inu amene ana anu akukuitanani kunja, musafunse maola a ndege okha. Funsaninso kuti mukadikira kuti, ndipo kwa nthawi yaitali bwanji. Juzi, mankhwala anu ndi nsapato zotakasuka zikhale m'kachikwama ka m'manja.